Midzi Makumi Anayi Imene Sanafikeko Munthu

Masewerawo ndinayambitsa ndine. Ndilembe zimenezi poyamba, chifukwa amene atsala ndi moyo kwa Lundu amati anayambitsa ndi mlamu wanga. Akunama.

Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Tikakolola thonje tinkapita nalo kusikelo, ndipo mzere unkatenga masiku atatu, nthawi zina anayi. Kuchokapo kunali kutaya malo. Tinkangokhala pamatumba athu pansi pa msau, dzuwa likuotcha, bawo limodzi anthu makumi awiri.

Ndiye ndinaganiza masewera. Mmodzi akhale woyendetsa, afotokoze dziko limene kulibe. Enawo asankhe: uyu mlenje, uyu msodzi, uyu sing'anga. Woyendetsa akati, "Mwafika pamtsinje, mutani?" aliyense anene chimene achite. Chikakhala chovuta, aponye nthanga zinayi za dzungu zodetsedwa ndi makala mbali imodzi. Zakuda zikakwana zitatu, waoloka. Zikapanda kukwana, ng'ona yamugwira mwendo.

Chaka choyamba ndinkangonena za m'mutu, ndipo zinkasokonekera. Ine ndinafika Sitandade 6, zosokonekera sindizifuna. Chaka chachiwiri ndinagula kope. Miyezi iwiri, ndikaweruka kumunda, ndinkalemba. Midzi makumi anayi, uliwonse ndi mfumu yake, makolo a mfumuyo, chitsime chake, ndi chakudya chimene anthu ake amasala. Mitsinje isanu ndi iwiri. Mapu pakati pa kope. Boma sindinaikemo, mtsogoleri wa dziko sindinaikemo. Masiku amenewo kope lotere likanagwa m'manja olakwika, ndikanakalifotokozera kutali.

Tsiku loyamba kusewera ndi kopelo, osewera anali asanu. Mmodzi anali mlamu wangayo, mlongo wa mkazi wanga, Msena wa kwa Mlolo amene madzi osefukira anamuthamangitsa nabwera kudzalima kwathu. Sukulu analekera Sitandade 2.

Ndinakhala pathumba lalitali, ndinatsegula kope. Ndinati ali pamudzi woyamba, njira ikupita kumapiri. Kenaka ndinayamba kuwawerengera makolo a mfumu ya pamenepo.

"Alamu," anatero iye, "agogo a mfumuwo tiwakwatira kapena?"

Anthu anaseka. Ine ndinapitiriza.

"Alamu, padooko pali bwato?"

Linalipo. Ndinali nditalilemba ndekha, ndi mwini wake yemwe.

"Pyadidi, zili bwino. Ife tikuliba. Tikupita kumunsi, kudambo."

Kumunsi ndinali ndisanalembeko kanthu. Mapu anga ankathera pamtsinje pomwepo. Midzi yonse inali kumtunda.

"Kumeneko kulibe kanthu," ndinatero.

"Kulibe kanthu bwanji? Nanga madziwo akupita kuti?"

"Ndati kulibe. Bwererani panjira."

"Nkhabe, sitibwerera. Takwera kale."

Anatola nthanga ine ndisanalole, naponya. Zonse zinayi zakuda. Anzakewo anakuwa ngati agwiradi bwato. Ndinatseka kope, ndinatsika pathumba, ndinati masewera atha.

Sanathe. Mlamu anakwera pathumba langa lomwelo.

"Bwato lalowa m'bango," anatero. "Mukumva fungo la nsomba zowamba, koma utsi simukuuona. Mutani?"

Basi. Mawu ake anali omwewo. Amuna akuluakulu anasendera pafupi, a bawo anasiya bawo. Ndinakhala chapatali, nkhope kumbali, makutu konko.

Chinyengo chake ndinachiona msanga. M'mutu mwake munalibe dziko. Ankangomvetsera. Wina akati, "Bola kusakhale mvuu," mvuu inkatulukira pomwepo. Wina akafunsa ngati pachilumba pali munthu, munthu ankakhalapo. Ankawabera za m'kamwa mwawo ndi kuwabwezera, iwo n'kumati munthuyu ali ndi mutu. Ine amene ndinatha mapensulo awiri palibe anandifunsa kuti kumapiri kunali chiyani.

Mawa lake bodza linayamba kuonekera. Mayi wa pachilumba dzulo anali ndi diso limodzi, lero awiri. Ndinanena mokweza. Palibe anasamala. Koma mlenje atati alase mvuu, msodzi anati mkondowo unamira dzulo. Mlenje anakana. Anaimirirana, kutsala pang'ono kugwirana malaya. Ine ndinkayembekeza kuti tsopano andiitana ndikwere pathumba langa.

Mlamu anatembenukira kwa ine.

"Alamu, inu muli ndi pensulo. Mkondo unamira?"

"Unamira."

"Mwamva. Tilembereni, alamu, inu ophunzira."

Ndikanakana. Koma kukana kunali kukhala ndekha masiku awiri kuyang'ana thonje. Ndinatembenuza kope, ndinatsegula tsamba lomaliza, ndinalemba: mkondo unamira; mayi wa pachilumba, diso limodzi; bwato likudontha. Mizere itatu. Chaka chonsecho tsamba limodzi linakwana.

Ndinakhala kalaliki wa masewera anga zaka zinayi. Masamba asanu.

Kamodzi ndinafooka. Tikubwerera kumudzi ndinamuwerengera mudzi wachisanu ndi chitatu, umene ndinkaukonda. Anamvetsera akutafuna nzimbe. Mfumu sanaifune, makolo sanawafune. Anangotolapo chitsime chimene munthu akatunga ayenera kusiyapo chinsinsi chake chimodzi, apo ayi madzi amasanduka amchere. Titapitanso kusikelo, chitsimecho chinapezeka pachilumba chake. Amuna anaulula zinsinsi zopeka mpaka kugwa pamatumba ndi kuseka. Anamutama sabata yathunthu. Sananene kuti ndi changa. Ine sindinanenenso, sindipempha kutamidwa. Koma mudzi wina sindinamuwerengerenso.

Pathumba la woyendetsa sindinakwerepo kachiwiri. Ndinkadikira kuti tsiku lina atopa ndi dambo, afunsa za njira ya kumapiri. Sanafunse. Kenaka ambiri analowa ntchito ya nzimbe, mzere wa kusikelo unafupika, masewera anafa okha.

Mlamu anamwalira kale. Pamaliro ake nkhalamba zinkakumbutsana za mvuu ija ngati zinaionadi ndi maso. Wina anandifunsa ngati ndinkaseweranso nawo.

Kope ndikadali nalo, m'chitini. Chiswe chinadya mitsinje iwiri. Masamba asanu akumbuyo ndi akuda ndi zala za anthu, akutsogolo ndi oyera. Ndikamaliwerenga ndimayambira kutsogolo. Dziko langa linali labwino kuposa lake.