Dothi la a Sebastiano

Amalume anga a Sebastiano, opalasa bwato ku Makhanga, ankadya dothi. Osati kulawa ayi, kukukuta kwenikweni ngati mtedza wokazinga. Khoma la kuseri kwa nyumba linkangoperepeseka, iwo n'kumanamizira madzi osefukira. Kwathu aliyense ankati dothi amadya ndi amayi oyembekezera basi, ndiye mwamuna wandevu akanauza ndani?

Tsiku lina pamsika wa Bangula anyamata achipani anawaimitsa kuti aonetse khadi. Popisa m'thumba, tizibuma tadothi tinagwa pansi, tina tolumidwa kale.

"Ndatengera akazi anga," anatero amalume. "Ali ndi pakati."

Pakati pati? Akazi awowo, a Clotilda, anali ndi zidzukulu zotha kale kutunga madzi! Nkhani inawoloka Shire amalume asanafike n'komwe padoko. Amayi a m'mudzi anasonkhana kudzalangiza a Clotilda kuti asadye mazira ndiponso asamaime pakhomo. Iwo anawathamangitsa ndi munsi, kenako anakokera amuna awo kuchipatala.

Adokotala sanaseke. Anati awa ndi matenda, kawirikawiri amabwera magazi akachepa, ndipo sayang'ana kuti uyu wavala chitenje kapena buluku. Anawapatsa mapiritsi, chilakolako chija n'kuyamba kuzilala.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti amuna omwe ankawaseka kwambiri aja anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzafunsa dzina la mapiritsiwo.

"Ndikufunsira mayi akunyumba," aliyense ankatero, uku akupukuta pakamwa.