Mlandu wa nyenyezi yakufa

Maliro a bambo ndinawaphonya. Basi ya ku Lusaka inanditula pa Petauke ataikidwa kale, ndipo kwathu ku Kaumbwe ndinapeza amalume atagamula: ndisiye yunivesite, ndikhale ndi amai. Koma poti ndi anthu achilungamo, anati ndiyambe ndafotokoza chimene ndimaphunzira, kuti akane bwino.

Kwathu mtsikana sayankha amalume pagulu. Amagwada n'kunong'oneza azakhali, iwo n'kupereka mawuwo. Choncho maphunziro anga onse anadutsa m'kamwa mwa munthu amene amati mwezi ukapendama ndiye kuti kukubwera chifuwa.

Ndinanong'ona kuti nyenyezi yaikulu ikatha mphamvu imaphulika, ndipo zotsala zake zimamwazika zikutulutsa mafunde a wailesi, amene timawatchera ndi madishi otalika kuposa tchalitchi cha ku Minga. Azakhali anatsokomola, n'kulengeza kuti mwanayu amamvetsera maliro a nyenyezi.

"Malilo a atate ake anakangiwa kufika, a nyenyezi ndiye sajomba," anatero amalume.

Anthu anaseka, ngakhale aja anabwera kudzasuzumira njinga ya malemu. Zinandiwawa, chifukwa sananame.

Ndinapitiriza ndi mkwiyo kuti m'mphepete mwa kuphulikako muli tinthu tosaoneka timene timakankhidwa uku ndi uku, kuwoloka n'kubwerera, liwiro likukulirakulira, mpaka timapulumuka n'kuthawa. Tina timafika padziko pano. Azakhali anafupikitsa kuti kumwamba kuli fumbi lothamanga. Amalume anafunsa ngati fumbilo limapalira chimanga.

Apa amai anadzutsa mutu. Iwo ndi amalumewo anathawa nkhondo ya ku Mozambique kalekale, agogo n'kutsala, ndipo panalibe anabwererako. Amai anawadumpha azakhali n'kundifunsa mwini wakene, zosachitika kwathu.

"Tunthu tumeneto tukathawa, tumabwelela kwamene tunachoka?"

Ndinati iyayi. Amai anatembenukira kwa amalume.

"Achimwene, nanga ise amai athu tinawasiya na ndani?"

Amalume anayamba kufufuza kanthu m'thumba la jekete, ndipo sanakapeze. Azakhali, kwa nthawi yoyamba, anasowa chofupikitsa. Ine ndinali nditayamba kale kunyadira kuti ndapambana, pamene amai anandiyang'ana, maso ali ouma.

"Mailo kukacha ukwele basi," anatero. "Koma pa malilo anga usakachedwe."