Kalasi ya pabalaza ku Nkolokosa

Chaka chimene akuluakulu a koleji yathu anagamula kuti maphunziro ena aziyenda theka m'kalasi, theka pa intaneti, ine ndinali wamng'ono pa aphunzitsi onse, komanso ndinali ndi laputopu yangayanga. Zifukwa ziwirizi zinakwanira. A pulinsipolo anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti ndikaphunzire kaye kwa masiku ochepa, ndikabwerako ndidzaphunzitse anzanga. Sanandifunse ngati ndikufuna.

Ganizolo palokha silinali loipa. Ophunzira athu ambiri anali anthu apantchito: akalaliki a m'mafakitale a ku Makata, osunga katundu m'mawelehausi, ena a mashifiti. Munthu ankaweruka atatopa, n'kulimbana ndi minibasi, n'kufika m'kalasi phunziro lili pakati, mtima uli kale pa ulendo wa ku Bangwe kapena ku Machinjiri. Tinkati tikawajambulira maphunziro aziwonera okha kunyumba, kukoleji azibwera Lachisanu lokha kudzakambirana.

Ndinkawaphunzitsa anzangawo Loweruka m'chipinda cha makompyuta. Kumeneko ndinaona zimene ophunzira athu akanakonda kuona. Aphunzitsi amene ankatseka chitseko wophunzira akachedwa ankafika mochedwa, n'kulimbirana mipando yakumbuyo. Ankanong'onezana ine ndikulankhula. Funso loyamba linkakhala la nthawi ya tiyi. Bambo wina ankaiwala pasiwedi sabata iliyonse, ndipo nthawi zonse ankati kompyuta ndi imene yaisintha.

Panali mmodzi yekha wokhala kutsogolo. Anali mphunzitsi wa ekonomikisi, bambo wachikulire wa ku Rumphi, amene anandiphunzitsa ineyo pa koleji yomweyo. Ankavala tayi ngakhale Loweruka, ndipo m'manja mwa jekete lawo simunkatha fumbi la choko. Chilichonse chimene ndanena ankachilemba ndi cholembera, ngakhale mawu oti dinani apa. Ntchito imene ndapereka ankaimaliza yonse, akutaipa ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. Ankandiitana kuti aphunzitsi, ine manyazi n'kundigwira.

Vuto linabwera tsiku loyamba kujambula. Ndinawaimika bambowo kutsogolo kwa laputopu, ndinawaonetsa kadiso ka kamera, n'kuwauza kuti ayambe. Anakonza tayi.

"Mwaswera bwanji nonse?" anatero.

Ndinadikira. Iwonso anadikira.

"Pitirizani, bambo," ndinanong'ona.

"Sanayankhe."

"Adzayankha ali kwawo."

Anayesa. Munthu amene m'kalasi ankayendayenda, kuseketsa anthu mpaka kugwira m'mimba, anaima chilili n'kumawerenga notsi zake ndi mawu a muulutsi wa mauthenga achisoni. Titamvetsera pamodzi zimene tajambulazo, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, ataiwala zoti ndine aphunzitsi, "ine ndimaphunzitsa nkhope. Nkhope ikachita tsinya ndimabwerera m'mbuyo, ikamasuka ndimapita patsogolo. Kadiso aka sikachita tsinya."

Anandipempha kuti tikayesere kunyumba kwawo ku Nkolokosa, mwina kumeneko lilime limasuka. Ine ndinkakhala ku Zingwangwa, ndiye Lamulungu masana ndinangoyenda wapansi, laputopu ili m'chikwama chakumsana. Ndinapeza atakonza kale pabalaza. Bolodi laling'ono analitsamiritsa pa mipando iwiri, pansi pa zithunzi za ana awo atavala mikanjo ya digiri. Akazi awo, namwino wopuma pantchito, anali pa sofa akusankha nyemba mu lichero.

"Mukhale kuseri kwa makinawa," bambowo anawauza. "Ntchito yanu ndi kungondiyang'ana."

"Ndakhala ndikukuyang'anani zaka zonsezi, adada, lero ndiye mwati ndi ntchito?"

Anasuntha ndi lichero lawo. Phunziro linali la mitengo ya katundu, mmene imakwerera ndi kutsikira. Bambowo anapereka moni, mayiwo anayankha, ndipo ndinaona mapewa a bambo aja akutsika. Anayamba bwino m'Chingerezi chawo chosalala, akujambula mizere iwiri yodutsana pabolodi. Sipanapite nthawi, dzanja la mayi linaima mu lichero.

"Dikirani kaye. Mukuti mtengo ukakwera anthu amagula pang'ono?"

"Amayi, tikujambula."

"Ndikudziwa. Nanga makala nthawi ya mvula, magetsi atazima, si amakwera? Ndinasiyapo kugula ine?"

Ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse kamera, koma bambowo anali atatembenukira kale kubolodi, maso akuwala. Anati limeneli ndiye funso, pali katundu wina amene munthu sangathawe ngakhale mtengo uchite bwanji. Anafanizira makala ndi sopo wonunkhira, mchere ndi nyama. Mayiwo anatsutsa pa nkhani ya sopo. Anakangana pang'ono, bambowo anafufuta mzere ndi mkono wa jekete n'kujambula wina woimirira. Pomaliza mayiwo anati, "Apo ndiye ndamva," n'kubwerera ku nyemba zawo.

Pondiperekeza, bambowo anati ndikadule mawu onse a akazi awo, patsale phunziro lokha. Ndinayesadi. Koma nditawachotsa, bambowo ankaoneka ngati munthu amene akukangana ndi mphepo. Ndinawabwezeramo, ndipo ndinakawauza bambowo Lolemba. Anapuma mozama n'kunena kuti ine ndiye aphunzitsi, ndichite zimene ndaona.

Intaneti masiku amenewo inali yaulesi, choncho ophunzira ochepa ndi amene anatsitsa vidiyoyo. Ena onse anangogawana m'mafoni ndi m'mafulashi. Lachisanu kalasi inadzaza. Ndinakhala kumbuyo kuti ndione mmene theka la m'kalasi liyendere. Bambowo atangolowa, mayi wina wogwira ntchito ku fakitale ya zovala anakweza dzanja, munthu amene chaka chonse sanalankhulepo.

"Pa nkhani ya sopo ija, ine ndili mbali ya mayi."

Kalasi yonse inaseka, kenaka inagawikana, ndipo ola lonse linatha anthu akutsutsana ndi zitsanzo za m'nyumba zawo. Bambowo ankangoloza uyu, kuloza uyo, choko chili m'manja osachigwiritsa ntchito. Pa tsamba lathu la pa intaneti, pamene poyamba panali zii, mafunso anayamba kubwera. Ambiri ankayamba ndi mawu oti, mwina mayi afunsa kale, koma.

Tinapitiriza kujambula Lamulungu lililonse. Mayiwo nkhope yawo sinaonekepo m'vidiyo, ankangomveka mawu, nthawi zina ndi kulira kwa nyemba mu lichero. Komabe tsiku lina bambowo anandipeza m'chipinda cha aphunzitsi atakwinya pamphumi.

"Dzulo tinali mu msika wa Ndirande," anatero. "Amayi akunenerera tomato, mnyamata wina wamva mawu n'kutembenuka. Wawagwira dzanja ndi manja awiri, akuti mwatithandiza kwambiri. Ine ndili pomwepo ndanyamula jumbo."

"Sanakupatseni moni?"

"Wandipatsa. Pambuyo pake."

Aphunzitsi ena atamva, aliyense anafuna njira yomweyo. Wa masamu anapempha kuti abwereke mayiwo, bambowo anayankha kuti aliyense akapeze wake. Mayi wina wophunzitsa Chingerezi anakhazika amuna ake kuseri kwa kamera ku Chilomoni, koma iwo anagona phunziro lisanafike pakati, ndipo mkonono unamveka bwino kuposa galamala. Ine ndinangosintha kaphunzitsidwe kanga ka Loweruka. Ndinayamba kuwaika aphunzitsi awiriawiri: wina aziphunzitsa, wina wa phunziro losiyana akhale kuseri kwa kamera azifunsa chilichonse chimene sakumva. Wa masamu anapatsidwa wa mbiri yakale, ndipo anadandaula kuti munthuyo amafunsa mwadala.

Patapita zaka zingapo bambowo anapuma pantchito. Ophunzira anakonza kaphwando kotsanzikana m'holo ya koleji, n'kuumirira kuti mayiwo abwere. Ambiri kanali koyamba kuwaona. Anali aafupi kuposa mmene ankawaganizira, ndipo ena ananena zimenezo mokweza. Anawakhazika kutebulo lakutsogolo pafupi ndi a pulinsipolo, n'kuwapempha kuti alankhulepo.

Anaimirira, anakonza chitenje, anathokoza onse mwachidule. Kenaka anatembenukira kwa amuna awo n'kunena kuti pa phunziro lawo la misonkho pali pamene sanamvetse mpaka lero. Bambowo anayang'ana kumbuyo ngati akufuna bolodi, koma m'holomo munalibe, ndiye anati akawayankha m'basi popita ku Rumphi, ulendo wake ndi wautali.