Tsiku Limene Milamba Inayandama

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, abambo ali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Simlemba. Inali nthawi ya dzuwa loswa mtengo. Mtsinje unali utaphwa, kungotsala dziwe limodzi kumunsi kwa nazale, ndipo milamba, matemba, achule ndi nkhanu zinali zitaunjikana mmenemo kudikira mvula.

Tsiku lina akapitawo anataya chitini cha mankhwala opopera mbande za fodya. Chinali chonyezimira, cha chivindikiro chake. Ndinachitola mozemba, ati ndizisungamo mikanda. Munali mutatsala timadzi tonunkha ngati palafini, ndiye ndinakachitsukira padziwe paja, katatu konse.

M'mawa mwake kunamveka nthungululu. Nsomba zinali zitayandama, mimba zili m'mwamba.

"Wina wathira katupe!" anafuula anaPhiri, oyandikana nafe nyumba.

Katupe ndi chomera chimene anthu ankasinja n'kuthira m'madzi kuti nsomba ziledzere, ndipo nsomba zake tinkadya osadwala. Amayi onse a pa esiteti anathamanga ndi malichero. Musawaseke, tinali titatopa ndi nyemba zofumbwa.

Ine ndinangoima pamtunda. Ndinaona achule atatambalala, nkhanu zitatuluka kuuna n'kufera pamatope. Mtima unandiuza kuti iyi ndi ntchito ya chitini changa.

Kunyumba amayi anayamba kutumbula milamba, kamlongo kanga kakukwawira kulichero. Ndikanena, ndikwapulidwa. Ndikakhala chete, tidya tonse.

"Iwe, sonkha moto! Wangoti duu bwanji ngati mkamwini wobwera dzulo?"

"Amayi, si katupe."

Ndinakatenga chitini chija kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya. Amayi anachinunkhiza, ananunkhizanso mutu wa mlamba, kenaka anathamanga khomo ndi khomo osamanga n'komwe mpango.

"Phulani miphika! Tayani zonse!"

AnaPhiri anakana. "Nditaye chiyani? Ndathiramo kale tomato wanga! Za ana mukumvera inu?"

"Idyani nokha tomato wanuyo, mayi, koma ana musawapatse."

Akadali kukangana, nkhuku ya anaPhiri imene inajompha matumbo a nsomba inayamba kuzungulira, n'kugwa chagada pakhomo pomwepo. AnaPhiri anaphula okha mphika uja. Palibe aliyense anali atalawa. Amayi anakhala pansi pafumbi n'kupumira m'mwamba, ndipo ine m'pamene ndinayamba kulira.

Chikoti sichinabwere. Abambo anangondipatsa khasu kuti ndikumbe nawo dzenje lokwiriramo nsombazo, mpaka manja anatuluka matuza. Dziwe lija linakhala zii chaka chonse. Achule anadzaliranso pa mvula yachiwiri, ndipo ndinawamvera ngati abale obwera ku ulendo.

Lero mabotolo achuluka, ophera udzu, ophera mbozi, ena mayina ake sindingawatchule. Wogulitsa aliyense amati ake ndi abwino. Ine sindikhulupirira wogulitsa, ngakhale mwana wanga wobala ndekha. Akamaliza kupopera ndimamulondola ndi maso mpaka atatsukira mpope wake kudzenje la kumtunda, kutali ndi mtsinje. Adzukulu amanditcha apolisi a kudambo. Anditche.

Ndinazindikira kuti madzi samaliza chimene tawatsukiramo. Amangochinyamula n'kukamwetsa wina kumunsi, wopanda pakamwa podandaulira, ndipo tikadzamuona atayandama timayesa mwayi.