Mawindo a Kombi ndi Diso la Apongozi

Motoka ija sindinaigule. Inangondigwera, monga momwe Chama anandigwerera. Boma linanditumiza kukaphunzitsa kumeneko zaka zija tangoyamba kuvotera zipani zambiri, ndipo ndinafika ndi mtima woti ndikhala temu imodzi basi. Ndinakwatira mwana wa ku Chikwa, tinabereka, koma sutikesi imodzi inali idakali pansi pa bedi chimangire, kudikira transifa. Basi ikalira ku msika, miyendo inkandiyabwa.

Azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, anabwera kudzaona nyama ndi kombi yakale yokhala ndi nyumba m'kati: bedi, kakabati, kasinki, ndi thanki ya madzi pansi pa mpando. Inafera pafupi ndi nyumba yanga. Anaikankhira kuseri kwa khitchini, nati ndiwasungire, apite kukafuna zitsulo. Mpaka lero akufunabe. Makanika wina wa pa boma anaidzutsa ndi zitsulo za thirakitala, ndipo kuyambira pamenepo ikaona munda inkafuna kukhota. Ndikanama mphezi inding'ambe.

Injini inalibe mlandu. Mlandu unali mawindo. Onse, ngakhale la dalaivala, anali aja okankha, galasi lotsetsereka m'kangalande kachitsulo. Kale m'kangalandemo munali kansalu kaubweya kogwira galasi, koma dzuwa la m'chigwa linakadya, nyerere n'kumaliza zotsala. Tizitsulo tokhomera tinathothoka. Choncho galasi lililonse linkangonjenjemera ngati munthu wa malungo, gwedegwede, gwedegwede. Ndikangotuluka pa boma, anthu a ku Kambombo ankayamba kuchotsa mbuzi mumsewu. Ahedi a sukulu yathu ndinawanyamula tsiku lina dzino likuwavuta. Titafika, dzino linali m'manja, kuchipatala sanapitenso. Alipo, kawafunseni.

Phokoso munthu amalizolowera. Choipa chinali chakuti pa mabampu magalasiwo ankayenda okha, pang'onopang'ono, mpaka kutseguka, fumbi n'kulowa ngati lili ndi tikiti. Tikafika kumene tikupita, tonse m'motokamo tinali a mtundu umodzi, ofiira.

Manje apongozi anga aakazi anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ankangoona mbuu. Chaka chimenecho kunabwera madokotala a maso oyendayenda, ndipo anawachita opaleshoni diso limodzi pa chipatala cha pa boma. Analiphimba ndi thonje loyera, n'kumata. Dokotala anauza mkazi wanga mawu amene sanafune womasulira: fumbi likalowa m'disomo, diso lapita, ndipo silibwereranso.

Chanzeru chinali chakuti akhale nafe mpaka diso lipole. Anakana. Nyumba ya aphunzitsi ndi ya zipinda ziwiri, chimbudzi chimodzi, ndipo iwo sakanatha kumapingasana ndi mkamwini pakhomo la chimbudzi ngati ana a sukulu. Chikwatirire ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kuthengo, ndipo kawirikawiri ndinali ine, n'chifukwa chake minga ya ku Chikwa ndimaidziwa ndi mayina. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Anati abwerera kwawo, kaya pa motoka kaya wapansi. Ndipo mkazi wangayo sakanatiperekeza, mwana anali ndi chifuwa.

Ndinatsala ine, apongozi, diso, ndi mawindo aja.

Dzulo lake la ulendowo ndinalawirira kuseri kwa khitchini. Ndinayamba ndi makatoni a choko, kuwapinda n'kuwapanikiza pakati pa galasi ndi chitsulo. Ndinayesa motoka kuzungulira bwalo la mpira, makatoni onse anathawa. Ndinayesa zitsononkho, zinanyenyeka. Ndinasema timitengo, galasi linalira mawu amene sindinawakonde. Ndinkangozungulira motokayo, kukhala pansi, kudzuka, kuzunguliranso. Mkazi wanga anali pakhonde ndi mwana kumsana.

"Atate ake mwana, mukuikonza kapena mukuivinira?"

"Ndikuganiza."

"Ganizani mutaima malo amodzi, mukundichititsa chizungulire. Amama ali ndi diso limodzi lokha limene lagwiridwa ntchito. Mukalibweza lofiira, musabwere kuno. Mukapitirire ku Lundazi kumene mtima wanu uli."

Pamenepo maso anga anagwera pa njinga. Ku Chama kulibe chinthu chimene malegeni sangamange. Amamanga katundu pa njinga, amamanga khasu, ndipo ndinaonapo ukwati wina umene unkangoyenda chifukwa cha malegeni. Ndinatenga chubu chakale, n'kuchidula timizere tataliitali ndi lumo. Ndinakolopa dothi m'tingalande ndi sikuludiraiva, n'kupakamo solushoni, guluu uja timamatira zigamba za chubu. Ndinayalamo malegeni pansi ndi pamwamba, kenako n'kukankha galasi lililonse ndi phewa mpaka linatseka. Ndinamenya chitseko. Zii. Ndinazungulira bwalo la mpira. Zii. Agalu a pa boma sanandizindikire, anandiuwa ngati mlendo.

Chimene sindinaganize n'chakuti mphira imagwira galasi osati kuti lisanjenjemere kokha. Imagwiranso kuti lisatseguke. Ndipo mwezi unali Okutobala.

Tinanyamuka m'mawa. Apongozi anakwera kumbuyo, anakhala pa bedi la azungu atandifulatira, nkhope kuyang'ana kumene tachokera. Pamiyendo anali ndi nkhuku yomanga miyendo, imene amayi a kutchalitchi anawapatsa powazonda. Poyamba zinali bwino. Kunja fumbi linkatikwirira, m'kati ngakhale kadontho. Koma bata lake! Kale phokoso lija likanatibisa. Manje ndinkamva apongozi akupuma, iwonso ankandimva ndikumeza malovu. Ndinafuna kutsokomola, ndinaopa kuti ayesa ndawalankhula.

Dzuwa litakwera, denga linayamba kutentha ngati chiwaya. Ndinayesa kukankha windo langa pang'ono. Linakana. Ndinakankha ndi chigongono. Solushoni anali atasungunuka n'kugwirana ndi galasi ngati pachibale. Thukuta linkatsika m'miyendo n'kudzaza nsapato, moti popondereza giya ndinkamva chuu. Mtedza umene unali m'kakabati unakazingika wokha. Ndinaudya pobwerera, unangosowa mchere.

Kenako kumbuyo kunamveka mawu.

"Iwe nkhuku."

Nkhukuyo inali yomva Chisenga, chilankhulo cha ku Chama, yobadwira momwemo, koma anailankhula m'Chinyanja. Apo ndinadziwa kuti uthenga ndi wanga.

"Iwe nkhuku, kodi aphunzitsi akutipititsa kumudzi kapena akutiphika? Ngati akutiphika, iwe uli bwino, ndi ntchito yako. Nanga ine?"

Ndinayang'ana msewu. Ndinati, "Nkhuku, uwauze amama kuti mawindo ndawatseka chifukwa cha diso lawo."

"Uwauze kuti diso likuthokoza. Koma thukuta lafika pa thonje, ndipo adokotala anati lisanyowe. Diso likafika lili bwino mwini wake atapsa, lidzaona ndani?"

Ndinaganizira fumbi lokha, za thukuta ayi. Ndinaima pansi pa mtengo wa tsanya, umene mthunzi wake ndi wa dzina chabe. Ndinadikira fumbi lathu lomwe litipitirire, n'kutsika. Ndinasankha windo la pafupi ndi bedi. Ndinalowetsa sikuludiraiva, kusendeza legeni, kulikoka ndi pulayasi. Linkatalika osatuluka. Ndinabwerera nalo chambuyo mpaka kutsidya kwa msewu, ndikulumbira, lisanaduke n'kundikwapula pamphuno. Galasi linatseguka. Mpweya unalowa, ndipo ndinamva apongozi akuusa moyo.

Koma kuyenda chotsegula kunali kupha diso. Ndinafunafuna nsalu m'motokamo. Makatani a azungu tinali titasokera kale mwana matewera. Chitenje cha apongozi sindikanachipempha, ngakhale kudzera mwa nkhuku. Inatsala shati yanga yoyera, ya ku sukulu.

Kuvula shati pamaso pa apongozi ndi mlandu woti akulu akhalire pansi. Ndinaima pamenepo ndikuwerengera: diso limodzi lamangidwa, linalo lili ndi ng'ala. Ndinamasula mabatani mwakachetechete ngati wakuba. Ndinapopa madzi pa kasinki kaja, kamene chiyambire kanali kasanagwirepo ntchito ina koma kusungira anyezi. Ndinanyowetsa shati, kuiyala pa mpata wa windo, n'kukanikiza m'mphepete mwake m'kangalande ndi sikuludiraiva, kenako n'kukankha galasi kuti liipane. Nsalu yonyowa inagwira galasi osagwedera, mphepo n'kumadutsa yozizira, fumbi n'kumatsalira kunja.

Tinayenda choncho, kuima, kunyowetsa, kuyendanso. Pa mtsinje uliwonse wouma ndinkachita ngati ndikuyenda pa mazira. Njinga zinkatipitirira. Nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo inatipitirira, n'kutifunsa ngati tili ndi uthenga woti ikatisiyire kutsogolo. Akashembe, ntchentche zoluma zija, anapeza msana wanga uli pamtunda, anaitana abale awo a ku Luangwa konse. Sindikanatha kudzimenya mbama, kuopa kuti phokoso la khungu lingandiulule. Ndinkangodzikhuza pa mpando ngati ng'ombe pa mtengo.

Madenga a ku Chikwa ataoneka, mawu anabweranso.

"Nkhuku, uwauze aphunzitsi avale shati tisanalowe m'mudzi. Adokotala anamanga diso, makutu anawasiya. Mabatani ndinawamva onse."

Ndinavala. Inali yofiira ngati chulu, yonyowa, kolala itang'ambika. Alamu anga atatsitsa amayi awo, chinthu choyamba ndinayang'ana thonje. Linali loyera. M'mphepete munali chinyezi pang'ono, koma loyera.

Nditabwerera ndinachotsa malegeni onse. Pofuna kansalu kaubweya, ndinakoka sutikesi ija pansi pa bedi, n'kutulutsa bulangete lakale limene ndinabwera nalo. Ndinalidula timizere, kumata m'tingalande, n'kupaka kandulo m'mphepete mwa magalasi. Anayamba kutsetsereka ndi chala chimodzi, osalira. A ku Kambombo anadandaula kuti manje ndikuwadzidzimutsa.

Mvula itayamba, tinapita ku Chikwa ndi mkazi wanga ndi mwana. Tinapeza apongozi pakhonde akusankha mpunga m'lichero, kutola timiyala tating'ono ngati nsabwe, thonje kulibe. Ndinakhala patali, chammbali, monga mwa mwambo. Anatenga mdzukulu wawo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali, kumutembenuza uku ndi uku. Kenako diso lija linandiba pang'ono. Nkhuku ija inali ikutolatola pabwalo.

"Iwe nkhuku," anatero, "kodi ndi awa? Ine ndinkayesa ndi aatali."

Pobwerera anatipatsa nkhukuyo, yomanga miyendo. Mkazi wanga anafika kunyumba n'kuyamba kunola mpeni. Ndinakana. Womasulira sadyedwa. Inakhala nafe mpaka ukalamba, ikugona m'kasinki ka kombi, ndipo Chinyanja inkachimva bwino kuposa ana ena a m'kalasi langa.