Mapeto Ankapita ndi Nsomba

Tsiku lomaliza limene ndinamuona Emil Sabol ali moyo, anali atakhala patebulo loyandikana ndi lathu mulesitilanti ya Mayi Ruzicka, akutsokomola, kwinaku akuseka kalabu imene inamuthamangitsa. Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, musayang'ane ine. Koleji ndinaisiyira panjira ndipo mpaka lero ndikungokhala. Koma mverani za Emil.

Emil anali wamasiye. Ankagona kuseri kwa msika kuno ku Pittsburgh, ntchito yake inali yokulunga nsomba m'mapepala. Bwana wake ankagula magazini akale pamulu, ambiri a nkhani za zombo zopita kumwezi ndi zilombo za ku Mars, ndipo ankang'amba kuyambira kumbuyo. Emil ankawerenga kuyambira kutsogolo. Ankakumana pakati. Mapeto a nkhani iliyonse ankapita kunyumba za anthu ndi nsomba, ndiye Emil ankangodzipekera ake, mpaka kuiwala kuti wapeka yekha.

Ife okonda nkhani zoterezi tinali ndi kalabu. Tinkakumana Lachinayi lililonse, anyamata asanu ndi awiri, ndi malamulo ochuluka kuposa ife. Wapampando anali Orville Haas, mwini kanyundo kamtengo komenyera patebulo. Kunja anthu ankati ndife amisala. Mayi Ruzicka ankatilola chifukwa misala yathu sinkaswa mipando.

Emil atalowa, anapeza chinthu chimene anali asanachionepo: anthu omufunsa maganizo ake. Ankabwera atasamba kawiri, komabe amphaka ankamuperekeza mpaka pakhomo.

Tsiku lina tinkakambirana nkhani ya chilombo chimene chinalowa m'chombo.

"Pamene panandikhudza," anatero Emil, "ndi pamene chilombo chija chinalira kuti chasochera, anthu a m'chombomo n'kuchiperekeza kwawo."

Tonse tinatembenuka kumuyang'ana.

"Achimwene," anatero Orville, "chilombocho anachiwombera."

"Ayi, anachiperekeza. Mayi ake mpaka anawaphikira alendowo."

"Chili ndi mayi?"

"Nanga chinachokera kuti?"

Tinaseka mpaka khofi kutayika. Orville yekha sanaseke. Panali lamulo lakuti wonama kuti wawerenga nkhani achotsedwe. Emil anafotokoza za bwana wake, koma Orville anangoti, "Ndiye pita ukalowe kalabu ya nsombazo, ndi zimene zinawerenga mapeto." Anayi anakweza manja, atatu tinakana. Kanyundo kanalira. Emil anatuluka, chipewa chili m'manja.

Wina akanathera pompo. Lachinayi lotsatira tinamupeza atakhala patebulo loyandikana ndi lathu.

"Mayi, munthu uyu tinamuchotsa," anadandaula Orville.

"Kalabu ndi yako, mwana wanga," anayankha Mayi Ruzicka, "koma matebulo ndi anga."

Kuyambira pamenepo, ife tikamaliza kukambirana nkhani, Emil ankawauza Mayi Ruzicka mokweza mmene nkhaniyo inayenera kuthera. Mipando yathu inayamba kusendera yokha. Orville anakhazikitsa lamulo loletsa kutembenuka khosi. Tinaphunzira kumvetsera ndi msana.

"Mapeto akowa ukungondipatsa ine," Mayi Ruzicka anamuuza Emil tsiku lina, "ine wosawerenga n'komwe. Lemba nkhani zakozako, ukawavutitse a magazini."

Emil anayamba kulemba, ndi zala zong'aluka chifukwa cha ayezi. Nkhani zinkapita, n'kubwerera. Mkonzi wina anati owerenga safuna zilombo zokhala ndi achibale. Wina anati nkhaniyo ndi yabwinoko koma yanunkhitsa ofesi yonse. Nyengo yozizira inabwera, n'kupita, n'kubweranso. Emil ankalembabe, ndipo Lachinayi sankajomba. Ndinamufunsa chimene ankalimbira chonchi, pomwe ife tinali gulu la anyamata osowa ntchito okangana za mwezi.

"Iwe uli ndi kwanu," anatero. "Ine tebulo lanulo ndi lokhalo limene ndinakhalapo ngati munthu."

Ndiye linafika Lachinayi lija. Emil anadzuka, n'kuika magazini yatsopano patsogolo pa Orville. Dzina lake linali pachikuto. Orville anawerenga mpaka kumapeto, ife tikumupumira m'khosi.

"Mapeto awa si oona," anatero mwachizolowezi.

"Ndalemba ndine, bwana wapampando."

Orville anayang'ana tsambalo, n'kuyang'ana kudenga. "Ndiye ndi oona."

Tinakuwa, tinamunyamula, Mayi Ruzicka anatulutsa buledi wotsekemera wa mtedza amene ankangophika pa Khrisimasi. Tinati abwerere m'kalabu pompo. Orville anati lamulo limafuna chidziwitso cha sabata imodzi, voti ichitika Lachinayi lotsatira.

"Musathamange, bwana," anaseka Emil, chifuwa chikumukoka. "Tebulo langa lili pafupi ndi mbaula kuposa lanu."

Chibayo chinamutenga Lachiwiri.

Tsono inu amene akutulutsani kwinakwake, inu amene moyo wakung'ambirani masamba omaliza, musafooke. Pezani tebulo loyandikana, khalani pomwepo, yankhulani mokweza. Emil anachoka kuseri kwa msika n'kufika pachikuto cha magazini popanda womutsegulira khomo. Mtima wanu usagwe. Ndipo inu ogwira tinyundo, fulumiraniko.

Voti inachitikabe, chifukwa Orville anati chidziwitso chinaperekedwa kale. Anafunsa ovomereza kuti Emil Sabol akhale membala. Tonse tinakweza dzanja. Orville anakweza awiri, zimene lamulo limaletsa, ndipo sanawatsitse mpaka Mayi Ruzicka anabwera kudzamugwira phewa.

Linali Lachinayi, pa 16 Malichi 1939.