Mwana Wathu Ankaponya Kutali

Mwana wathu anaphunzira baseball kuno ku Dubai. Tinabwera naye ali wamng'ono, ine nditapeza ntchito pa kampani ina yotumiza katundu ku Jebel Ali, mayi ake atalembedwa unamwino pachipatala. Kusukulu anagwirizana ndi ana a ku Philippines ndi a ku America, ndipo tsiku lina anatulukira ndi gulovu yachikopa yobwereka, yaikulu ngati kalichero. Ine ndinkafuna mwana wa mpira wamiyendo, woti tizikangana naye za matimu. Koma iye mtima wake unali utapita kale.

Pamasewerawa, munthu mmodzi amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kumaponya kampira kolimba ngati mwala. Wa timu inayo amayesa kukamenya ndi chibonga. Kumbuyo kwa womenyayo kumanyonyomala mnzake wa woponya uja, kudikira kuwakha. Wathuyo anali woponya. Atamaliza sekondale, koleji ina yaing'ono ya kumadzulo kwa America, m'dera la minda ya maapozi, inamutenga kuti aziphunzira kwinaku akusewerera timu yawo.

Tinakonza zoti nyengo yamasewera ikayamba tipite tonse awiri tikamuonerere. Mayi ake anapempha tchuthi. Anagula nsalu ku Bur Dubai zoti akapatse akazi a kochi wa timuyo, n'kuzipinda bwino m'sutikesi.

Foni ya mwanayo inandipeza m'mawa wina ndili m'basi ya kampani. Nkhani ya matenda a korona inali itayamba kale kumveka paliponse, koma tinkaitenga ngati ya anthu ena.

"Adadi, khalas," anatero, mawu a Chiarabu otanthauza kuti zatha. "Aimitsa zonse. Kulibenso magemu chaka chino. Akuti aliyense achoke ku hosteli apite kwawo."

"Ndiye bwera," ndinayankha.

Sanathe kubwera. Pamene tinkafufuza tikiti, ndege zinaleka kuuluka. Ife timakhala ku Al Qusais, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo kwa zaka zonsezo tinazolowera kusiya kaye kulankhula ndege ikamadutsa pamwamba pa nyumba. Tsopano kunangoti zii. Ndinkaima pakhonde lathu lopapatiza kuyang'ana kumwamba, osaona kanthu koma mbalame.

Amene anatipulumutsa ndi mnzake wowakha uja. Makolo ake ali ndi munda wa maapozi kufupi ndi kolejiyo, ndipo anamutenga mwana wathu kukakhala naye. Mayi a mnyamatayo anatiimbira pa vidiyo, mayi wamtali wa tsitsi la imvi, atavala jekete la kumunda. Anati tisadandaule, chipinda chilipo, chakudya chilipo. Ndinathokoza mpaka mawu anandithera. Titadula foni, akazi anga anati, "Mwana wanga akudyetsedwa ndi mayi amene sindinamugwirepo chanza."

Kuno nako kunatsekedwa. Kuti munthu atsike kukagula buledi ankayamba wapempha chilolezo pafoni. Ine ndinkagwirira ntchito patebulo lodyera. Akazi anga anawaika ku wodi ya odwala korona, ndipo poopa kundipatsira anasamukira kuchipinda cha mwana. Akabwera kuntchito ankadutsa molunjika kubafa osandiyandikira. Ndinkawasiyira mbale pakhomo, n'kugogoda, n'kubwerera m'mbuyo. Tinkacheza chitseko chili chotseka, iwo atakhala pabedi la mwana wawo pakati pa zikho zake ndi zipewa zake zakale, ine nditakhala pansi m'kakhonde, msana nditatsamira khoma.

Mwanayo ankatumiza timavidiyo. Iye ndi mnzake uja anayeza mtunda m'shedi yosungiramo mabokosi a zipatso, n'kuunjika dothi kupanga kachulu. Tsiku lililonse ankaponya mmenemo. Panalibe womenya, panalibe woonerera, kunkangomveka phaa! mpira ukalowa m'gulovu, ndi galu akuuwa panja. Ndinkaonera timavidiyoto mobwerezabwereza mpaka ndinaloweza pamene phazi lake limatera.

"Mwaiona ya lero?" ndinkafunsa kudzera pachitseko.

"Ndaiona. Waonda."

"Sanaonde, ndi malaya aja."

"Abambo ake, ine ndine namwino. Waonda."

Ndege zitayambanso pang'onopang'ono, tinakangana kwambiri. Mayi ake ankafuna mwanayo abwere. Iye anakana. Anati akachoka mwina sadzaloledwa kubwereranso, ndipo malo ake m'timu adzapatsidwa wina. Ine ndinakhala mbali yake. Tsiku limenelo akazi anga anatsegula chitseko, n'kuima patali, maso ali psuu, mphuno ili ndi mabala a masiki.

"Inu simukuona zimene ine ndikuona," anatero. "Dzulo ndinagwirizira foni kukhutu kwa mnyamata wa msinkhu wake kuti atsanzike mayi ake. Ndiye mukundiuza za mpira?"

Anatsekanso chitseko. Patapita masiku anamuimbira okha mwanayo, ndipo ndinamva akumuuza kuti akhale, koma azisamba m'manja ndipo asamakhale pagulu. Kwa ine sanaitchulenso nkhaniyo.

Chaka chotsatira masewera anabwerera, koma oonerera sankaloledwa kulowa. Kolejiyo inaika kamera imodzi kuseri kwa neti, ndipo anthu ankaoneka ngati nyerere. Mayi wa maapozi uja anapeza nzeru ina. Ankaimika lole yake kunja kwa mpanda, n'kukwera kumbuyo kwake, n'kutiimbira pa vidiyo. Kwawoko kukamada kuno kumakhala kukucha, choncho tinkaonera tikumwa tiyi, akazi anga atavala kale yunifomu.

Umu ndi mmene tinamuonera koyamba akuponyera koleji yake. Anatuluka chothamanga kupita pa kachulu, mipando yonse ili mbee. Chithunzi chinkagwedezeka chifukwa mayiyo ankanjenjemera ndi kuzizira. Womenya woyamba anaphonya katatu n'kuchoka. Ndinakuwa mpaka mnansi wathu wa ku Kerala anagogoda khoma. Wachiwiri anaumenya mpirawo mwamphamvu, ndipo pomwepo netiweki inaima. Mwana wathu anangouma pagalasi, khosi atapotoza kuyang'ana m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Tinakhala tikuyang'ana chithunzi chimenecho osadziwa kumene mpira wagwera. Basi ya akazi anga inafika, anapita osadziwa. Pambuyo pake tinamva kuti unadumpha mpanda, chomwe ndi chigoli cha timu inayo, ndipo kochi anamutulutsa mwana wathu m'gemu.

Nditamuimbira, anali akudya yekha m'chipinda, chifukwa osewera sankaloledwa kudyera pamodzi.

"Munaona?" anafunsa.

"Ndinaona woyamba uja. Unamuchititsa manyazi."

Anaseka pang'ono, kenaka anaphimba nkhope ndi chipewa. Ndinamva akupuma movutikira. Ndinagwira foniyo ndi manja awiri, n'kumangoti, "Ndili pompano, mwana wanga." Koma sindinali pompo, ndipo tonse tinkadziwa.

M'chaka chachitatu njira inatseguka. Akazi anga anakanizidwa tchuthi chifukwa odwala anali atachulukanso, ndiye ndinapita ndekha, nsalu zija zili m'chikwama. Ndinayezetsa korona, ndinadikira, ndinauluka ulendo wautali masiki ali kukamwa. Mayi wa maapozi anandichingamira. Nkhope yake itangooneka ndinadziwa kuti pali nkhani. Anyamata angapo a m'timu anali atapezeka ndi matendawa dzulo lake, wathu ali m'gulu. Magemu a sabata imeneyo anali atalephereka, ndipo onse anawatsekera ku hosteli.

Mayiyo anandiperekeza kumeneko. Chipinda cha mwana wanga chinali chapansi. Ndinaima pa kapinga wonyowa, iye anabwera pawindo. Anali atatalika, mapewa atatambasuka, ndevu zitamera. Windo silinkaloledwa kutsegulidwa, choncho tinalankhulana pafoni tikuonana, mawu ake akufika mochedwa pang'ono kuposa milomo yake.

"Pepani, adadi. Mwabwera ulendo wonsewu."

"Ukumva bwanji m'thupi?"

"Kukhosi kokha. Mwakalamba."

"Iwenso wanyansa ndi ndevuzo."

Ndinkapita tsiku lililonse. Ndinabwereka mpando wopinda kumunda kuja, n'kumakhala pansi pa windolo nditafunda bulangete. Makolo enanso ankabwera, aliyense pawindo la mwana wake, ndipo tinkapatsana moni ndi mutu. Bambo wina ankabweretsa khofi wa tonse. Nthawi zina mwana wanga ankawerenga mabuku ake, ine n'kumangomuyang'ana.

Anamutulutsa kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke. Gemu yotsatira inali ya sabata inayo, ndipo kuntchito sakanandiwonjezera masiku. Anatuluka ndi chikwama chake, ndipo ndinamukumbatira pamalo oimika magalimoto mpaka anati, "Adadi, anthu akuona."

Madzulo ake anapempha kiyi kwa kochi, tinalowa m'bwalo lopanda munthu. Mnzake uja anavala zodzitetezera n'kunyonyomala. Mwana wanga anandiimika kumbuyo kwa neti, nkhope pafupi ndi waya. Ndinaimbira mayi ake. Anali m'basi, kupita kuntchito.

"Gwirani foni bwino, abambo ake, mukugwedeza."

Anaponya. Pavidiyo sindinkadziwa kuti mpirawo umalira ukamabwera, umachita ngati ukung'amba nsalu. Ndinadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo ngakhale panali neti, ndipo anyamata awiriwo anaseka. Anaponya kangapo, kenaka anayamba kutsokomola, n'kuwerama manja ali m'mawondo.

"Basi, khalas, muuzeni asiye," anatero mayi ake. "Chifuwacho sichinapole. Muuzeni avale jekete."

Ndinamuuza. Anavala. Tinazimitsa magetsi a bwalo n'kupita kukadya kumunda kuja, ndipo m'mawa mwake anandiperekeza ku bwalo la ndege. Anasewera chaka chimenecho mpaka kumapeto, n'kumaliza maphunziro ake. Mayi ake sanamuonepo ndi maso akuponyera koleji, ndipo ine gemu yeniyeni sindinaionepo ndili pabwalo.